Kufika kuchipatala sikuchira

Mwezi wathawu ndinaperekeza mayi anga kuchipatala. Mutu unali utawapweteka masiku anayi, miyendo itatupa. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Titalowa, wotiona uja sanadzutse n'komwe mutu. Anafunsa funso limodzi, n'kulemba mankhwala opha ululu, basi. Makina oyezera BP anali pompo patebulo, lamba wake ali chikulungire, koma sanawakhudze.

Munthuyo sindikumuimba mlandu ayi. Panja panali chinamtindi cha odwala chikudikira iye yekhayo, ndipo kutopa kunkaoneka pankhope pake. Chimene chikundiwawa mumtima n'chakuti m'kaundula mayi anga analembedwa ngati munthu amene wathandizidwa. Pakutha pa mwezi nambala imeneyo ilowa mu lipoti, ndipo lipotilo linena kuti anthu akufikira chithandizo.

Ine ndikuona kuti tazolowera kuwerenga mitu ya olowa pakhomo, osafunsa zimene zachitika m'katimo. Mu 2018, akatswiri otsogozedwa ndi Margaret Kruk analemba mu magazini ya zaumoyo ya The Lancet Global Health kuti m'mayiko osauka ndi opezako pang'ono, anthu pafupifupi 8.6 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda oti akanatha kuthandizika. Mwa iwowa, 3.6 miliyoni sanapite n'komwe kuchipatala. Koma 5 miliyoni anapita ndithu, anaonedwa, chithandizo chake n'kukhala chosalongosoka. Tangoganizani, ambiri mwa omwalirawo ndi amene anachita zonse zomwe timawauza kuti azichita.

Dziko la India linaphunzirapo zimenezi. Kuyambira mu 2005 boma linkapatsa amayi oyembekezera ndalama kuti azikaberekera kuchipatala, pansi pa ndondomeko ya Janani Suraksha Yojana. Amayi anakhamukira kuzipatala. Koma ofufuza atalondoloza, anapeza kuti imfa za amayi sizinatsike monga ankayembekezera. Mayi wotaya magazi safuna bedi lokha; amafuna mzamba waluso, magazi oti amuwonjezere, ndi dokotala woti amuchite opaleshoni usiku womwewo.

N'chifukwa chake ndimalemekeza kafukufuku wa momwe zipatala zimagwirira ntchito, ngakhale satchuka ngati wa katemera kapena mankhwala atsopano. Kale mu 1966, katswiri wa zaumoyo Avedis Donabedian anati chipatala tizichifunsa mafunso atatu: muli zipangizo ndi antchito otani, odwala akuchitiridwa chiyani kwenikweni, nanga pamapeto pake akupeza bwanji? Kwa mayi anga, funso loyamba chipatala chija chikanakhoza, chifukwa makina analipo. Lachiwiri chinalephera. Lachitatu palibe amene analifunsa.

Ena mundiuza kuti odwala azilipirako kangachepe kuti mizere ichepe, madokotala apeze mpata wopima bwino. Ndikumva nkhawa yanu, koma maganizo amenewa anayesedwa kale. Ku America, bungwe la kafukufuku la RAND linatsatira mabanja masauzande angapo, ena olipira kuchipatala ndi ena othandizidwa ulere, kuyambira zaka za m'ma 1970 mpaka 1982. Amene ankalipira anachepetsadi maulendo akuchipatala, koma anasiya ndi maulendo ofunika omwe, poti wodwala ali kunyumba sangadziwe kuti mutu uwu ndi wamba kapena ndi chizindikiro cha zoopsa. Ena mwa amene anapwetekeka nazo anali osauka odwala BP. Mzere umafupikadi, koma otsala pakhomo amakhala anthu ngati mayi anga.

Chimene ndikupempha sichodula. Pambali pa kuwerenga odwala, aziwerenganso kuti mwa akuluakulu obwera ndi mutu, ndi angati anapimidwa BP, angati anauzidwa dzina la matenda awo, angati anabwerera pasanathe sabata ali chidwalire. Odwalawonso azifunsidwa.

Patapita masiku awiri ndinawatengera mayi kwina. Namwino anawakulunga lamba pamkono, n'kuyang'ana nambala, n'kupimanso kachiwiri. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti lero sabwerera kunyumba. Pano akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndipo miyendo yaphwa. Kuchipatala koyamba kuja palibe amene akudziwa zimenezi.