Goloboyi wamkulu wa mu Africa ndi Essam El-Hadary, kaya mufune kaya musafune

Anzanga okonda mpira, tikamakangana za magoloboyi a mu Africa muno, mayina amene mumathamangira ndi a Edouard Mendy ndi Andre Onana. Chifukwa chake ndi chimodzi basi: munkawaonera pa kanema akusewera ku England. Ine ndikuti onsewo apatuke kaye, adutse mkulu wa ku Egypt, Essam El-Hadary.

Bamboyu anabadwa mu Januwale 1973 m'dera la Damietta. Anatchukira ku Al Ahly komwe anakhala kuyambira 1996 mpaka 2008, ndipo anatenga nayo chikho cha makalabu a mu Africa mu 2001, 2005 ndi 2006. Chikho cha AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, anachinyamula kanayi. Cha 1998 chija tisachiwerengere kwambiri, pagolo panali Nader El-Sayed, iye ali pabenchi. Koma zitatu zotsatizana, 2006, 2008 ndi 2010, anali yekha pakati pa mapolo. Mu fainolo ya 2006 ku Cairo, masewero ndi Ivory Coast atathera 0-0, anagwira penate ya Didier Drogba, Drogba weniweni uja amene ankaliza magoloboyi a ku England sabata ndi sabata. Mu fainolo ya 2008 Cameroon ya Samuel Eto'o inalephera kumuchinya, mu 2010 Ghana chimodzimodzi. Mafainolo atatu osalowetsa chigoli ndi chimodzi chomwe.

N'chifukwa chake chigoli cha Chiukepo Msowoya cha mu June 2008 ku Blantyre sitimachiiwala. Egypt imene Flames inaigwetsa 1-0 tsikulo inali itangonyamula chikho miyezi inayi yapitayo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha 2017 ku Gabon. Munthu ali ndi zaka 44, anapita ngati wongodikirira. Masewero oyamba ndi Mali, goloboyi Ahmed El-Shenawy wavulala, mphunzitsi akuti madala lowani. Analowadi, osatulukanso mpaka fainolo. Mu semifainolo anagwira mapenate awiri a Burkina Faso, ina ya Bertrand Traoré, mnyamata woti akanatha kukhala mwana wake. Fainolo anagonja 2-1 ndi Cameroon, komabe ndani ankayembekezera kuti Egypt ifika pamenepo?

Chikho cha dziko lonse anachidikira moyo wake wonse. Mwayi unabwera mu 2018 ku Russia, ali ndi zaka 45 ndi masiku 161, ndipo anakhala wamkulu kuposa aliyense amene anasewerapo mu mpikisanowu. Tsikulo anagwiranso penate ya Saudi Arabia, ngakhale Egypt inaluza 2-1.

Sindikuti anali mngelo ayi. Mu 2008 anachoka ku Al Ahly kupita ku Sion ya ku Switzerland kontrakiti isanathe, nkhani inafika ku FIFA mpaka anamuletsa kusewera kwa miyezi inayi. Ochemerera Al Ahly ambiri sanamukhululukire, ndipo ine sindikuwadzudzula. Anachita zolakwika.

Koma tandiuzani, munthu wa zikho zonsezi sanapatsidwepo mphoto ya wosewera wabwino wa chaka ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Mphotoyo inkangozungulira kwa osewera a m'makalabu a ku Ulaya, pamene iye ankawagonjetsa omwewo pa bwalo, maso ali tunguu. Mukati Onana kapena Mendy, ndibweretsereni zikho za AFCON tiwerenge.