Njira za ndalama kwathu, ku Zambia ndi ku Mozambique: akuziyang'anira ndani?

Mukagula masheya pa Malawi Stock Exchange kuno ku Blantyre, n'chiyani chimatsimikiza kuti ndalama zanu zikachoka, masheyawo alowadi m'dzina lanu? Mayiko anagwirizana kale pa nkhaniyi. Mu Epulo 2012, komiti ya mabanki aakulu yomwe imakumana ku Basel m'dziko la Switzerland, pamodzi ndi bungwe la IOSCO la oyang'anira misika ya masheya, anatulutsa mfundo 24 zoyendetsera njira zolipirana ndi zosinthanitsira masheya, zotchedwa PFMI. Zikuluzikulu zake n'zomveka ndithu: masheya asamuke pokhapokha ndalama nazo zasamuka, malipiro akatsirizika asabwezedwenso, ngakhale banki itagwa tsiku lomwelo, makina akazima, ntchito iyambirenso pasanathe maola awiri.

Kunena za malamulo, tonse tili nawo. Zambia inakhazikitsa lamulo lake la njira zolipirana mu 2007, Mozambique mu 2008, Tanzania mu 2015, ife mu 2016. Posiyana m'pakuti ndani wagwira chiyani.

Anzathu a ku Zambia anagawana ntchito. Bank of Zambia imayendetsa ZIPSS, momwe mabanki amalipirana ndalama zikuluzikulu, koma msika wa masheya wa ku Lusaka umayang'aniridwa ndi bungwe lapadera, Securities and Exchange Commission. Ku Tanzania n'chimodzimodzi, ali ndi bungwe lapadera loyang'anira msika wa masheya lotchedwa CMSA. Kwathu kuno zonse zinaunjikana pa Reserve Bank. Ndiyo imayendetsa MITASS, momwe mabanki athu amalipirana, kuyambira mu 2014, ndiyo imasunga kaundula wa pakompyuta wa masheya ndi ngongole za boma, ndipo gavanala wake, mwa lamulo la mu 2010, ndiyenso woyang'anira msika wa masheya, mabanki, inshulansi ndi penshoni.

Ena amati apa ndiye woyimbira mpira wavalanso yunifomu ya timu. Akunena zoona, koma ine sindithamangira kutengera Zambia. Msika wathu uli ndi makampani osafika 20. Bungwe latsopano lingafune maofesi, magalimoto ndi akatswiri omwe ndi ochepa kale, ndipo ndalama zake zingachoke m'thumba la wogula masheya yemweyo. Komanso ndalama ndi masheya zikakhala m'nyumba imodzi, kusinthanitsa nthawi imodzi kuja sikuvuta. PFMI sizikaniza banki yaikulu kuyendetsa makina otere. Zimangofuna kuti oyendetsa ndi oyang'anira asakhale anthu omwewo, ndipo woyendetsa aziulula poyera momwe akutsatirira mfundozo. Apa m'pomwe aphungu athu ndi atolankhani ayenera kumakakamira mafunso, chifukwa palibe bungwe lina lomwe lingafunse.

Mozambique ndiye inationetsa kuti lamulo lokongola silitulutsa ndalama pa ATM. Mu Novembala 2018, netiweki ya SIMO yomwe imalumikiza mabanki ambiri kumeneko inazima kwa masiku angapo, chifukwa cha mkangano ndi kampani ya ku Portugal yomwe inali mwini pulogalamu ya makinawo. Anthu ku Maputo, Beira ndi Tete anali ndi makhadi m'manja koma osatha kugula kanthu. Maola awiri aja anasanduka masiku. Ifenso ma ATM athu, makina olipirira m'masitolo, Airtel Money ndi Mpamba zimakumana pa netiweki imodzi yotchedwa Natswitch, ndiye funso loti pulogalamu yake mwini wake ndani, nanga mgwirizano utasokonekera tingatani, si lachibwana ayi.

Pa ndalama za pafoni, Tanzania inatitsogolera: makampani a mafoni anagwirizana okha mu 2014 kuti makasitomala azitumizirana. Ife zinatengera Reserve Bank kulamula mu 2017. Zotsatira zake n'zofanana, bola zikuyenda.

Pomwe tonse tikutsimphina m'pamalire. Mabanki a m'chigawo chino ali ndi SADC-RTGS, njira yolipirana pakati pa mayiko a SADC, yomwe inayamba mu 2013 ndipo imayendetsedwa ndi banki yaikulu ya South Africa. Imagwira bwino ntchito, koma amalipirana makamaka mu randi. Wamalonda wa ku Limbe wofuna kulipira katundu ku Lusaka kudzera njira imeneyi ayenera kudikira kaye kuti banki yake ipeze randi, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kwa masiku ano, ena amangonyamula makwacha n'kukasintha okha pa Mchinji.