Za abale athu a ku Dzaleka

Abale, ndiloleni ndiyankhulepo za Dzaleka, chifukwa nkhaniyi imandisowetsa tulo.

Malo aja ku Dowa anali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Mu 1994 anawasandutsa kampu ya anthu othawa kwawo, yoti musamapitirire anthu 12,000. Lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Alipo anabadwira momwemo, nakulira momwemo, pano ali ndi ana awo. Chichewa amachiyankhula ngati ife tomwe, ndipo kwawo kwina sakukudziwa.

Komabe malamulo athu amati azikhala m'kampu basi. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anawasaka m'matauni, magolosale awo natsekedwa, ena anayamba agona ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dowa. Chaka chomwecho bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP linadula thandizo la chakudya ndi theka chifukwa ndalama zinachepa. Taganizani mayi amene ankagulitsa mpunga ndi mafuta ophikira, akudzilipirira lendi yekha, ana akupita kusukulu. Lero waima pamzere kudikira thandizo losafika kumapeto kwa mwezi. Tamulanda khasu, kenako tikudabwa kuti akupemphetsa.

Ndikudziwa ena mukuti "Maburundi atilanda misika." Kudandaula kwanu ndikukumva, malonda avutadi ndipo kwacha inagwa. Koma amene anaigwetsa si mayi wothawa mfuti ku Kivu, kum'mawa kwa DRC. Mawu omwewa akuti "akutilanda ntchito" ndi amene anathamangitsa abale athu ku Joni mu 2008 ndi 2015, mpaka boma kutumiza mabasi okawatenga. Tinalira tonse nthawi ija.

Kulandira alendo sitikuyamba lero. Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ambiri m'midzi momwemu ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza, akulima moyandikana ndi makolo athu. Akuluakulu ankati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Thumba la ufa ndi lofunika, ndipo amene akupereka Mulungu awadalitse. Koma munthu sangakhale zaka 30 akudya za m'manja mwa wina. Aphungu athu aunikenso lamulo la 1989 la othawa kwawo. Namwino, mphunzitsi ndi telala ali ku Dzaleka apatsidwe chilolezo, agwire ntchito, azikhoma msonkho ngati ife. Phungu wa kwathu ndimulembera sabata ino.