Mayi Clara Schumann anali chitsulo

Ndawerenga nkhani mwalemba ya mayi Clara Schumann, woimba piyano wa ku Germany. Koma abale mayi amenewa anali chitsulo. Kuyamba kuimba piyano pagulu ku Leipzig mu 1828 ali ndi zaka 9 zokha! Amuna awo a Robert atamwalira mu 1856 ku chipatala cha odwala misala anatsala ndi ana 7, ndiye zala zomwezo ndi zimene zinkabweretsa chakudya pakhomo, kuyenda mpaka ku London kukaimba makonsati, kambiri opanda pepala patsogolo zonse zili m'mutu. Ine kiyibodi ya kutchalitchi ndikangochotsa maso pabuku basi zala zasokonekera kkkk. Koma nkhani yanuyi yangodutsa pamwamba za uphunzitsi wawo, chonsecho pa sukulu ya zoimbaimba ku Frankfurt anaphunzitsa kuyambira 1878 mpaka 1892, poyamba mzimayi yekhayo pakati pa aphunzitsi aamuna okhaokha.