Chikondi si mutu wopepuka

Mwalemba bwino, koma apo mukuti nyimbo zamasiku ano n'zopanda nzeru chifukwa zimangokamba za chikondi, ine ndatsutsa. Vuto si mutu ayi, koma kaphikidwe kake. Woyimba wina amangoti "ndimakukonda" kakhumi m'kolasi, basi. Wina amati chichokereni mkazi, nyumba yazizira ngati phulusa ladzulo, ndipo womvera wamva kale kusungulumwa ngakhale liwulo silinatchulidwe. Chifanifani chotero chimakhudza mtima.

Kubwereza mawu nakonso musakunyoze, n'komwe kumachititsa kuti ngakhale mwana aloweze nyimbo. Chimene chimandinyansa ine n'kukakamiza mawu kuti amveke mofanana kumapeto kwa mizere, tanthauzo n'kuthawa. Za zining'a zobisira mawu olaula mwangozilumpha, chonsecho zadzaza m'nyimbo zovinira.