Golide wabodza madzi amamuulula

Mwalemba zoona apa kuti kulemera kwa chitsulo poyerekeza ndi kukula kwake ndi komwe kumaulula mtundu wake. Mlamu wanga ku Chifunde anagula kachidutswa konyezimira ati golide, ndalama ya fodya yonse psiti. Tinakaika pa kasikelo, magalamu 17, kenako mu sirinji yaikulu ya madzi, madzi anakwera 2 ml, ndiye 17 kugawa ndi 2 ndi 8.5, imeneyo ndi brasi abale, golide weniweni amafika 19.3 ndipo pa magalamu amenewo madzi sakanakwera ngakhale 1 ml! Timiyala tachikasu tonyezimira ngati golide, totchedwa pyrite, timangofika cha pa 5. Koma chitsulo chotchedwa tungsten chimanamiza, chimalemera ngati golide. Mlamu mpaka lero sitikuyankhulana bwinobwino kkkk