Mchombo wanu sufukula ngalande

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Wokwiya akwiye, pakhomo panga mukupadziwa.

Loweruka lapitali tinapangana kuti tifukule ngalande ya mumsewu mwathu muno mu Ndirande, ija imatsetsereka kuchokera kumtunda n'kukathira mumtsinje wa Nasolo. Sinali nkhani yodzidzimutsa munthu. Tinaikambirana pamsonkhano wa komiti ya dera, a buloko lida anayenda khomo ndi khomo, kutchalitchi analengeza, kumzikiti analengeza, ine ndinalemba pagulupu ya WhatsApp katatu konse mpaka bandulo kundithera. Pagulupupo tilipo anthu oposa 200. Mayankho anagwa ngati matalala. "Tilipo mayi." "Nkhani yake ndi imeneyi." "Ndix ndi yathu, tiikonze tokha." Wina mpaka anatumiza vesi.

M'mawa wa Loweruka, 6 koloko, tinapezeka anthu 9. Mwa anthu 9 amenewo, 7 ndi a lendi.

Koma chandipsetsa mtima kwenikweni n'china. Titafika pakati pa ntchito, pamalo paja ngalande imakhota, mpini wa fosholo yathu unathyoka. Amene simunabwere simungadziwe zimene zimatuluka mmenemo, ndiye ndikuuzeni: matope akuda bii onunkha ngati dzira lovunda, majumbo olukanalukana ngati mizu, mabotolo, nsapato imodzi ya mwana, mapampasi ofufuma olemera ngati njerwa yonyowa. Magolovesi tilibe. Mayi wina amene anasamukira muno zaka ziwiri zapitazo kuchokera ku Mzimba, wogulitsa tomato pamsika, anali atavala majumbo a shuga m'manja, mwana ali kumsana, akukoka zinyalalazo ndi manja. Ndi iyeyo amene anapita pageti la nyumba yoyang'anizana ndi pokhotapo, n'kugwada pang'ono mwaulemu wake, nati, "Pepani bambo, mungatibwerekeko fosholo? Yathu yathyoka."

Bambowo anali ataimirira pageti kuyambira kalekale, patapata kuphazi, kapu ya tiyi m'manja, kutionerera ngati filimu. Yankho lawo ndinalimva ndi makutu angawa, sindinachite kuuzidwa. Akuti, "Iwe wabwera liti muno? Ife mchombo wathu unagwera muno. Musamatiphunzitse za Ndirande anthu a lendi inu." Ndiye mwana wawo, mnyamata wamkulu ndithu wandevu zake, n'kusuzumira kumbuyo kwa bambo ake, n'kundifunsa ine kuti, "Anti, pali kangachepe?"

Kangachepe. Pangalande imene ikasefukira madzi ake amayamba kulowa pabalaza pa bambo ake omwewo.

Ndiye ndikufunseni inu amene mchombo wanu unagwera muno: mchombowo wafukulapo ngalande ingati? Wasesapo msewu uti? Unadzukapo liti usiku kukagwira chibonga pamodzi ndi aneba? Mchombo unagwa, unauma, unaola, chiswe chinadya kalekale. Ngalande ikadali yotseka. Mukufuna tizikuombereni m'manja chifukwa amayi anu anachirira muno? Ntchito inagwiridwa tsiku limenelo ndi ya amayi anuwo ndi azamba, inu munangolira.

Mbiri ya dera lino nanenso ndikuidziwa, musandiyese mlendo pa zimenezo. Ndakhala muno zaka zokwanira kuti ndiimve kambirimbiri pabawo, pamaliro, pamzere wa madzi. Ndikudziwa kuti Ndirande ndi dera lakale, kuti muno ndi mmene munkagona anthu amene ankadzuka mbandakucha kukagwira ntchito m'nyumba za azungu ndi m'mafakitale a ku Makata. Ndikudziwa kuti mishoni ili kumunsi kwathuku inayamba mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chija chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zake zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi anthu akuda amene sanapiteko kusukulu ya zomangamanga. Chikadaimabe mpaka lero, alendo amabwera kudzachijambula. Mumakonda kunena kuti agogo anu ndi amene anasenza njerwa zimenezo. Chabwino, ndavomera. Agogo anasenza njerwa. Nanga mdzukulu wasenza chiyani, kupatula kapu ya tiyi?

Ndiye pali ya 1992 ija. Aliyense wa muno amene wadutsa zaka 50 amati analipo mu Meyi chaka chimenecho, ogwira ntchito kufakitale ya nsalu ya David Whitehead atanyanyala ntchito, anthu n'kukhamukira mumsewu osaopa mfuti. Aliyense anali kutsogolo, wakumbuyo simumupeza. Aliyense anavotera nyali pa referendamu ya 1993. Mumati Ndirande ikayetsemula Blantyre yense amagwidwa chimfine, mumati boma limaopa Ndirande. Mwina n'zoona. Koma anthu oopedwa ndi boma inu mukuopa fosholo. Munalimbana ndi apolisi, mukulephera kulimbana ndi jumbo.

Kwezani maso muone phiri. Akuluakulu omwewo amatiuza kuti kale linali lobiriwira, mitengo yokhayokha, kuti ana ankaopa kulowamo okha. Lero ndi mpala wa nkhalamba. Anadula mitengoyo ndi a lendi a chaka chatha? Anali eni mchombo omwewa. Ndipo chifukwa cha mpala umenewo madzi amatsika ndi ukali, atanyamula mchenga ndi miyala, kudzapeza ngalande yodzadza mapampasi. Apite kuti madziwo? Amalowa m'nyumba. Sagogoda, ndipo safunsa kuti muno muli landilodi kapena wa lendi.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa. Basi, ndilibe zambiri pamenepo.

Ndipo mawu akuti "a lendi" amenewa mwayamba kuwatchula ngati matenda. Ndalama ya a lendi mumalandira pa 30 paliponse, simuinena kuti ndi yachilendo. Mwamanga timizere ta zipinda kuseri, mabanja asanu chimbudzi chimodzi, dzenje la zinyalala mulibe chifukwa malo ake munamangapo chipinda china, ndiye zinyalala za pakhomo panu zonse zimathera mungalande yomweyo usiku. Tikabwera kudzazichotsa, mwati tisakuphunzitseni za Ndirande. Pamsonkhano wa komiti ndinu oyamba kuimirira, kukhosomola kaye, n'kuyamba ndi "ife amene tinabadwira muno". Pamasankho a mpando mumati wapampando akhale mwana wa muno, wa lendi asatilamulire. Takusankhani. Mpando mwakhalapo mpaka wabooka. Tsiku la ntchito muli ku ukwati wa mphwanu ku Lunzu, sabata inayo muli ndi msana, sabata inanso foni inali yozima. Koma pakamveka mphekesera kuti kukubwera bungwe kudzalemba maina a olandira thandizo, msana umachira pompo, 5 koloko muli kale pamzere mutapsinja kabuku ka komiti kukhwapa.

Inde, ndikudziwa, zinthu zadula, ntchito kulibe, mabungwe anatizoloweza maalawansi a pamsonkhano ndi fanta wa pa 10 koloko. Ndamva. Mayi wa tomato ujanso zinthu zinamudulira chimodzimodzi, ndipo tsiku limenelo anasiya benchi lake pamsika mpaka masana.

Wina pagulupu anayankha madzulo ake kuti "ntchito yaulere inatha ndi thangata, ino ndi demokalase." Achimwene, musamaseweretse mawu amene simukuwadziwa kulemera kwake. Thangata inali yoti munthu uzikalima fodya kapena thonje m'munda wa mzungu miyezi yathunthu kuti akulole kukhala panthaka ya makolo ako omwe, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Ndi zimene zinkachitika ku Magomero, zimene zinathandiza kuutsa mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915. Anthu anafa chifukwa cha thangata. Inuyo tikukupemphani maola awiri, pakhomo panu, pangalande yanu, kuchotsa jumbo limene munataya nokha. Mzungu wake ndi uti pamenepa? Kapitawo wake ndine, ndi chitenje changa chong'ambikachi?

Enanso mumati ya Youth Week, sabata ija yogwira ntchito zachitukuko mwaulere, inali yokakamiza. Zoona, nthawi ya Kamuzu kukana kunalibe, ndipo sindikuilakalaka nthawi imeneyo. Koma ndiye mukutiuza kuti opanda chikoti simungagwire tsache? Mwadzinyoza nokha pamenepo. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Mwezi woyamba munatuluka ambiri, chifukwa kunali makamera ndi matisheti. Lero funsani munthu mumsewu muno kuti tsiku losesa ndi liti, akuyang'anani ngati mwamufunsa Chitchaina.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti ntchito yaulere timaidziwa bwino lomwe. Pakagwa maliro muno, palibe amafunsa kangachepe. Amayi timagona pasiwa, timatunga madzi usiku, timaphika nsima m'mapoto aakulu aja mpaka maso kufiira ndi utsi. Abambo amakhoma tenti, amawaza nkhuni, anyamata amaika masamba pamsewu, kabuku ka chipepeso kamayenda khomo ndi khomo ndipo aliyense amaponyamo kake. Bambo a patapata omwe aja pamaliro simungawapose, ndi amene amayala mwambo wonse, jekete lili pathupi. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: amaopa kuti akadzagona iwo anthu adzawathawa. Ndiye kuti muno munthu timamugwirira ntchito akafa. Akadali moyo, ayi, abweretse alawansi. Manda tikumba mwaulere, ngalande yoti mwana asadwale tikufuna malipiro.

Mwaiwala kolera? Si kale ayi. Inayamba mu Malichi 2022 n'kutenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Ana tinakhala nawo pakhomo, tikuwaletsa ngakhale kugula mandasi. Tisanapume n'komwe, mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwera, matope n'kutsika m'phiri la Soche usiku kukakwirira anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Tonse tinalira, tonse tinasonkha zovala ndi ufa, tonse tinalumbira pagulupu pomwepa kuti ife a m'munsi mwa phiri taphunzirapo. Mauthengawo akadalipo, sindifufuta ine. Ndikhoza kukutumizirani lanu lenileni, ndi tsiku lake. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Munalemba mwambi umenewu ndinu, bambo, ndi timitima tosweka titatu kumapeto.

Mvula ili pafupi. Kumwamba kwayamba kale kuchita mdima masana, chifundi chake mukuchimva. Ife anthu 9 tinafukula kuyambira pa kiyosiki ya madzi mpaka pokhota paja, n'kulekera pomwepo chifukwa fosholo inali itathyoka ndipo yobwereka inakanizidwa. Tinamwa thobwa limene agogo ena a kumtunda anatitumizira mu chigubu, iwowo miyendo inawakana kalekale koma anati nawo aponyepo dzanja. Agogo amenewo ndiye obadwira muno enieni, anaona dera lino lisanadzadze, ndipo sindinawamvepo akutchula za mchombo. Theka la ngalande likadali lotseka, ndipo theka lake ndi lomwe lili kutsogolo kwa geti lija. Madzi akadzalowa musadzaimbe foni yanga usiku kuti komiti ikutani. Komiti ndi ndani? Komiti ndi mayi wa tomato uja, ndipo inu munati asakuphunzitseni.

Mudzatenge mchombo mudzatsekere pakhomo.

Ndipo poti ndayamba kale, inu amayi anzanga a ana aang'ono, za mapampasizi tiyankhulane. Ndikudziwa matewera ochapa anatha fasho, sindikukuuzani kuti mubwerere kumeneko. Koma kumanga pampasi mujumbo n'kumutuma mwana wa sitandade 2 kuti akaponye mungalande kukada, ndiye kutani kumeneko? Agalu amazikoka n'kudzazing'ambira pakhomo pa anzanu. Ine m'mawa uliwonse ndimayamba ndatola za mwana wa eni ndisanatsuke m'kamwa. Majumbo opyapyala aja boma linawaletsa kale mu 2015, koma pamsika mukagula tomato wa 500 mumafuna jumbo lake, anyezi jumbo lake, bonya jumbo lake, chikwama mwasiya kunyumba chifukwa akuti n'chachimidzi. Zonsezo mawa tikazipeza ndife ndi manja athu.

Ndalama ya aneba nayonso, miyezi itatu tsopano makomo ena sanapereke, ndipo ndi makomo a mageti achitsulo okhaokha. Anyamata aja amayenda usiku wonse ndi tochi imodzi ya mabatire ogawana. Maina ndili nawo m'kabuku, pamsonkhano wa Lamlungu ndiwawerenga mokweza, wina asadzati ndamuchititsa manyazi.

Komanso amene munabwereka wilibala ya komiti mu Juni kuti mukatutire mchenga masiku awiri, tinakuonani mwaipenta mtundu wina. Ifike kwa a buloko lida pofika Lachisanu, ndi tayala lake.